Choko kapena ofesi ya kampani: kwa amene mwakonda kemistiri ndipo mukufuna ntchito ya zachilengedwe

Funso ili landipeza kangapo chaka chino, kuchokera kwa ana amene ndinawaphunzitsa komanso kwa makolo awo tikakumana pamsika wa Kapata kuno ku Chipata. Mwana wakonda kemistiri, wamva kuti masiku ano ndalama zili pa nkhani za chilengedwe, ndiye alowere kuti? Akaphunzitse green chemistry, kemistiri yosawononga chilengedwe, kapena akalowe kampani n'kukhala woyang'anira za sustainability, zoonetsetsa kuti ntchito za kampaniyo sizikuwononga chilengedwe? Palinso njira yachitatu imene anthu saiwerengera, koma ndi imene ikutapa ndalama m'matumba a mabanja kuno kum'mawa: masatifiketi a pa intaneti. Ine ndine mphunzitsi wa sayansi, choncho mwadziwiratu kumene ndapendekera. Werengani mukudziwa zimenezo.

Za malipiro sindichedwapo. Kampani yaikulu imalipira kuposa boma, zimenezo ngakhale mwana wa giredi 8 akudziwa.

Chimene ambiri safunsa ndi chakuti ntchitoyo ili kuti. Uphunzitsi uli paliponse pamene pali sukulu: Chadiza, Vubwi, Katete, Lundazi, Petauke, mpaka kuchigwa ku Mambwe. Maofesi a sustainability ali ku Lusaka, ku Kitwe, ku Solwezi ndi ku Kalumbila kumene kuli migodi, kapena ku Mazabuka kuminda ya nzimbe. Kuno kwathu alipo mabungwe ngati COMACO, amene amagula mbewu kwa alimi n'kupanga zakudya za It's Wild!, ndi BioCarbon Partners amene amagwira ntchito ya nkhalango m'chigwa cha Luangwa, kuwonjezera pa makampani a thonje ndi fodya. Koma mukayang'ana anthu amene amafunika kawirikawiri m'malo amenewa, ndi a zaulimi, a zankhalango ndi odziwa kukhala pansi ndi mafumu. Wa kemistiri amalowa pakhomo lopapatiza. Ndiye ngati mwasankha kampani, sankhaninso basi ya Great East Road, ndipo muwauziretu amayi kuti muzionana pa Khirisimasi.

Nanga ntchito yeniyeniyo ndi yotani? Green chemistry inakhazikika bwino mu 1998 pamene Paul Anastas ndi John Warner analemba mfundo 12 zoitsogolera. Yoyamba ndi yosavuta kumva: ndi bwino kupewa kupanga zinyalala kusiyana ndi kudzazikolopa zitatayika kale. Zinazo zikukamba zosankha mankhwala osapweteka anthu, kusawononga moto ndi magetsi, ndi kupanga zinthu zimene zimawola zikatha ntchito. Musayembekezere kuti boma lidzakulembani ntchito ya dzina limeneli. Pa payslip padzalembedwa kuti mphunzitsi basi. Green chemistry mumailowetsa nokha m'kaphunzitsidwe kanu.

Ndipo kuno imalowa mosavuta kuposa mmene anthu amaganizira, chifukwa kusowa kunatiphunzitsa kale. M'kalasi mwanga phunziro la ma acid ndi ma base timalichita ndi lumanda yofiira ija. Timaiviika m'madzi otentha, madziwo n'kufiira. Mwana aliyense ali ndi tizivindikiro ta mabotolo patebulo. M'kamodzi adonthezamo madzi a mandimu, kufiira kuja kumawala. M'kena adonthezamo chidulo chimene agogo ake anacheza kuchokera ku phulusa, madzi aja amasanduka obiriwira. Pamenepo kalasi yonse imachita phokoso, ndipo mtsikana amene chaka chonse sanakwezepo dzanja ndi amene amayamba kufotokozera anzake chifukwa chake therere limafewa ndi chidulo. Tikamaliza, zotsalazo timathira pa maluwa kuseri kwa labu popanda mantha. Yerekezani ndi kale pamene gulu lililonse linkadzaza beaker ndi acid wa m'botolo, n'kukhuthulira m'sinki imene paipi yake imathera m'dzenje pafupi ndi mjigo wa sukulu. Madontho ochepa amaphunzitsa chimodzimodzi, ndipo botolo limodzi limakwana zaka.

Wa kukampani tsiku lake ndi lina. Lamulo la Environmental Management Act la 2011 ndi limene linabala ZEMA, bungwe la boma loyang'anira zachilengedwe, ndipo kampani imene imatulutsa utsi, madzi oipa kapena zinyalala zoopsa imafunika ziphaso zochokera kumeneko, ndi lipoti la mmene ntchito idzakhudzire malo isanayambe kumanga. Ndiye ntchito yanu ndi kutunga madzi pa paipi yotayira n'kuwatumiza kokayezetsa, kudzaza manambala pa kompyuta, kukonzekera obwera kudzafufuza za ISO 14001, muyezo wa padziko lonse wa kasamalidwe ka chilengedwe pakampani, ndi kulemba malipoti. Malipotiwo akuchulukirachulukira, makamaka kuchokera mu June 2023 pamene miyezo ya IFRS S1 ndi S2 inatuluka, yofuna kuti makampani aziulula za nyengo ndi chilengedwe monga amaululira za ndalama. Wokonda kusakaniza mankhwala adzadabwa kuti test tube saigwira n'komwe.

Sindikunena kuti ndi ntchito yopanda pake. Mu February 2025 damu la zotsalira za mgodi wa Sino-Metals ku Chambishi linaphulika, madzi a acid n'kulowa mumtsinje wa Mwambashi mpaka mu Kafue, nsomba kufa, mzinda wa Kitwe kutsekeredwa madzi. Ku Kabwe mgodi unatsekedwa mu 1994 koma mtovu udakali m'dothi mmene ana amaseweramo. Dziko lino likufunikadi anthu olimba mtima m'maofesi amenewo. Chovuta n'chakuti amene mukumuyang'anira ndi yemweyo amene amasaina malipiro anu. Tsiku limene nambala ya m'madzi yadutsa malire, inu ndi amene mukagogode kwa abwana kukanena kuti makina ayime. Si aliyense ali ndi chiwindi chimenecho, ndipo amene alibe amangokhala wokongoletsa malipoti ndi zithunzi za ana akubzala mitengo. Kuwonjezera apo, mpando wa utsogoleri umene achinyamata amauona pa LinkedIn sapatsa munthu wongotuluka kumene ku yunivesite. Kawirikawiri amakhalapo ndi mainjiniya, owerengera ndalama kapena maloya amene akulira m'kampanimo. Ndipo ntchito za m'mapulojekiti zimatha tsiku limene ndalama za opereka thandizo zatha.

Tsopano ndifike pamene pakundiwawa.

Mphwanga anamaliza digiri yake ya sayansi n'kukhala pakhomo kudikira ntchito. Tsiku lina anaona chilengezo pa Facebook: maphunziro a utsogoleri wa sustainability ndi ESG (za chilengedwe, za anthu ndi za kayendetsedwe ka kampani), aulere, ochokera kunja, satifiketi yodziwika padziko lonse. Anabwera nacho kwa ine akumwetulira. "Akulu, apa ndiye Mulungu wayankha." Inali nthawi ija ya 2024 pamene madzi anachepa ku Kariba magetsi n'kumazima pafupifupi tsiku lonse, ndiye mnyamata ankadzuka pakati pa usiku magetsi akabwera, kutchaja foni n'kuonera mavidiyo mpaka tambala kulira. Mabandulo okha anadya ndalama yosaneneka, koma tinati ndi maphunziro, palibe kanthu.

Atamaliza mayeso omaliza, anamuyamikira kuti wakhoza bwino kwambiri. Pansi pake panali batani lotengera satifiketi. Atadina, panatuluka mtengo, wa madola. Maphunziro ndi aulere, pepala ndi logula. Mawu amenewo analipo ndithu kuyambira pachiyambi, koma m'tizilembo tating'ono pa tsamba limene palibe amalitsegula. Munthu wataya tulo miyezi yonseyo, angasiye pepala? Ndinagulitsa matumba a nshawa amene ndinasungira fizi ya ana, tinalipira ndi khadi la kubanki, banki nayo n'kudulapo yake yosinthira kwacha kukhala dola. Imene inabwera inali PDF. Kuti ikhale ndi nambala yoti olemba ntchito aitsimikizire, ndalama ina. Kuti aisindikize n'kuitumiza ku Zambia, ina. Ndipo chimene chinandipsetsa mtima kwambiri chinabwera patapita chaka: uthenga wonena kuti zilembo zimene amalemba kumapeto kwa dzina lake zitha mphamvu akapanda kulipira umembala wa chaka chilichonse. Kugula mbuzi n'kumalipirabe mwini wake kuti izitchedwa yako!

Zonsezo ndikanazipirira pepalalo likanagwira ntchito. Anaitanidwa ku intavyu ku Lusaka, tinasonkha ya basi. Atabwerako anandiuza kuti satifiketi ija anangoiyang'ana kamodzi n'kufunsa ngati inadutsa ku ZAQA, bungwe la boma lotsimikizira mapepala a maphunziro. Kenako funso linali lakuti, kodi munatungapo madzi otayidwa pafakitale kuti akayezedwe, ndipo botolo lake mumalisunga bwanji kuti zotsatira zisasokonekere? Mavidiyo aja anamuphunzitsa mawu akuluakulu a m'misonkhano, koma botolo sanamugwiritsepo. Ntchito anatenga mtsikana amene anachita attachment, kuphunzira ntchito akadali pasukulu, pa kampani ya madzi.

Ndiye pamene wina andiuza kuti satifiketi ya milungu yochepa ndi njira yachidule yolowera kukampani, ine magazi amathamanga. Alipo maphunziro afupiafupi enieni amene makampani amawalemekeza, monga a ISO 14001 kapena a NEBOSH pa zachitetezo cha pantchito, koma amathandiza munthu amene ali kale ndi digiri ndi ntchito m'manja, ndipo nthawi zambiri kampani ndi imene imamulipirira. Musanatulutse ngwee, funsani mtengo wonse mpaka pepala lifike m'manja mwanu, funsani ngati limatha mphamvu, ndipo onani ngati sukuluyo ili m'kaundula wa Higher Education Authority ikakhala ya m'dziko muno, kapena ngati ZAQA ingalizindikire likakhala lakunja.

Uphunzitsi nawo uli ndi zolipira zake, ndisakunamizeni. Simungagwire choko mwalamulo popanda kulembetsa ku Teaching Council of Zambia, ndipo chiphaso chogwirira ntchito chimafuna kukonzanso. Kusiyana kwake n'kwakuti mtengowo umadziwika poyera usanayambe. Chowawa chenicheni ndi kudikira. Mu 2022 boma linalemba aphunzitsi opitirira 30,000 nthawi imodzi, koma ambiri mwa iwo anali atakhala zaka pakhomo, ena akugulitsa salaula, ena akuphunzitsa m'masukulu a anthu pa malipiro a chisoni. Chaka chomwecho maphunziro aulere anayamba, makalasi n'kudzaza mpaka pakhomo. Kuchititsa practical ana ochuluka chotero ndi ntchito yotuluka nayo thukuta, ndipo m'sitolo ya labu mudzapeza mabotolo akale omwe mapepala ake anafufutika, osadziwika kuti muli chiyani, oti simungawataye paliponse. Komabe wa sayansi ndi masamu sadikira ngati anzathu a maphunziro ena, chifukwa masukulu akumidzi amatisowa.

Kophunzirira kulipo. Mukuba University ku Kitwe inakhazikika pa kuphunzitsa aphunzitsi a sayansi ndi masamu, ku Kabwe kuli Kwame Nkrumah University, ndipo pakhomo pompano tili ndi Chipata College of Education. Wofuna za kampani ayang'ane environmental engineering ku Copperbelt University, kapena kemistiri yeniyeni ku University of Zambia (UNZA). Za green chemistry zokhazo, bungwe la Beyond Benign, limene Amy Cannon ndi John Warner anayambitsa mu 2007 ku America, limaika maphunziro a aphunzitsi pa intaneti oti mungotenga. Amenewo ndinatengako ndipo palibe batani la madola limene linatuluka. Muyenera kungowasintha kuti agwirizane ndi zimene zili pafupi, pakuti kabichi wofiira amene iwo amakonda kuno sapezeka wamba.

Chigamulo changa n'chokondera, ndanena kale. Mwana amene akufuna kukhala pafupi ndi kwawo, amene amasangalala madzi akasintha mtundu m'kapu, atenge uphunzitsi. Ndi kumene mfundo za Anastas ndi Warner mungazigwiritse ntchito Lolemba likubwerali popanda kupempha chilolezo kwa bodi ya kampani, ndipo ana amene mukuwaphunzitsawo ndi omwe mawa adzapopera thonje ndi kusunga mankhwala a mbewu m'nyumba. Khomo la kukampani silitsekeka chifukwa munayamba ndi choko: ndikudziwa aphunzitsi amene anawonjezera maphunziro ali pantchito n'kusamukira kumabungwe a zachilengedwe. Amene mtima wake uli pa migodi ndi mafakitale, ndipo saopa kukangana ndi abwana, apite, dziko likumufuna. Koma ayambe ndi digiri yolimba, ndipo pa holide iliyonse akagogode kokapempha attachment, kaya ku kampani ya madzi, kaya ku Msekera kumene amafufuza za mbewu, kaya kufakitale yopanga chiponde kumene amayeza chuku mu nshawa. Kalata ya tsamba limodzi yonena kuti munagwirapo ntchito mu labu ndi imene anaifuna ku intavyu ija.

Mphwanga pano akuphunzitsa pa sukulu ina ya mishoni cha ku Katete, akudikira kuti boma limulembe, ndipo umembala uja sitinalipirenso.