Tuishoni ya SAT ku Kabulonga: kuphunzitsa amadziwa, koma poster yawo ija ayichotse

Mng'ono wanga wamaliza kumene ma lesson a SAT, mayeso olowera ku ma university a ku America, pa kasukulu kena ku Kabulonga, ndine ndimalipira so ndili ndi mawu. Kuphunzitsa kokha ndilibe nako vuto olo pang'ono, makamaka aphunzitsi a Maths aja. Mayesowa manje amalembedwa pa laputopu mu app ya Bluebook, mafunso 98 mu maola awiri ndi mphindi 14, ndiye iwo tsiku loyamba lomwe anauza ana kuti Maths imabwera m'magawo awiri, gawo loyamba musalisewere nalo, chifukwa mukalakwa zambiri pamenepo gawo lachiwiri limabwera lofewa koma mamakisi ake sakwera patali. Anawaphunzitsanso Desmos, calculator ija ili mkati mwa app momwemo, mwana amene ankathera pepala lonse pa equation imodzi pano amangojambula graph n'kuwona pomwe mizere yakumana basi. Malaiti akapita ali ndi sola, kilasi siyima. Ku Reading and Writing ndi so so, mapepala ambiri ndi omwe aja aulere a pa website ya maphunziro ya Khan Academy, mutha kuchita nokha kunyumba ngati bundle ilipo.

Chomwe chinandipweteka mtima ndi poster ili pa geti, ati peza 1500 upite ku America ulere. Bodza limenelo, ndipo makolo ena akugulitsa mapuloti chifukwa cha mawu otere. SAT imathera pa 1600, Maths 800 chizungu 800, koma palibe nambala imodzi yomwe imatsegula zitseko zonse. Harvard, Yale, Princeton ndi anzawo a Ivy League sapereka merit scholarship, ndalama za sukulu zopatsidwa chifukwa chokhoza bwino, ayi, amaona kuti banja lanu lingakwanitse zingati, ndiye 1550 imangothandiza kuti akutenge. Scholarship ya National Merit yomwe anaitchula pa meeting ya makolo imadutsa mu mayeso ena otchedwa PSAT ndipo ndi ya ana a ku America komweko, mwana wa Grade 12 wa kuno sizimukhudza. Komwe mamakisi amasanduka ndalama mwachindunji ndi ma university ngati University of Alabama omwe amaika tebulo pa website, SAT yakuti ndi magiredi akuti upeza zakuti, ndipo ngakhale kumeneko nthawi zambiri amachotsa pa tuition chabe, pogona, chakudya, inshuwaransi ndi tikiti ya ndege zikudikira inu mu madola.

Nditafunsa amayi a pa reception kuti mng'ono wanga amene anapeza 1380 apite kuti, anangoti alembenso afike 1500, kulembetsa kwake ndi madola enanso. Palibe amene anakhala naye pansi kusankha masukulu kaye kuti target ichokere pamenepo. Zimenezo tinakazipeza ku EducationUSA, ofesi yolangiza ofuna kukaphunzira ku America, komwe uphungu wake ndi waulere, anatifotokozera za superscore, kuti masukulu ambiri amatenga Maths yabwino ya ulendo wina ndi Reading yabwino ya ulendo wina n'kuphatikiza, komanso kuti ma point a ECZ amawayang'ananso kwambiri.

Nyenyezi zitatu pa zisanu. Ngati mwana wanu Maths ikumuvuta mupititseni, koma mupite ndi list ya masukulu yanu kale, ndipo muwafunse mapepala a Reading omwe si a pa intaneti musanapereke ndalama.