APP ndi APRIL: malonjezo awiri pa nkhalango za pachilumba cha Sumatra

Makampani awiri akuluakulu opanga mapepala ku Indonesia, Asia Pulp & Paper (APP) ndi Asia Pacific Resources International (APRIL), onse analonjeza kusiya kugwetsa nkhalango zachilengedwe. APP ndiyo inatsogola mu February 2013, bungwe loteteza chilengedwe la Greenpeace litaipanikiza ndipo ogula atayamba kuithawa. Koma mu 2018 Greenpeace inathetsa ubale wogwirira ntchito limodzi ndi APP womwe unayamba chifukwa cha lonjezolo, ikunena kuti makampani okhudzana ndi eni ake a APP akadali kudula mitengo.

APRIL inazengereza mpaka June 2015. Komabe lonjezo lake ine ndimalikonderako chifukwa limawerengeka: hekitala imodzi yotetezedwa pa hekitala iliyonse yobzalidwa.

Pomwe onse amapunthwa ndi dothi la peat, lija la m'madambo. Akakumba ngalande kuti abzale mitengo ya acacia, dothilo limauma gwa, ndipo moto ukabuka umanyeka pansi kwa milungu yambiri, monga mu 2015.