Animation ikuyenda kapena yaima? Njira zinayi zodziwira mu khodi

Batani limodzi loyambitsa ndi kuimitsa animation silingagwire ntchito ngati khodi sikudziwa zimene zikuchitika panthawiyo. Njira zodziwira zilipo zingapo, koma si zonse zodalirika.

Ambiri timayamba ndi kudzisungira tokha. Mumapanga variable, mwina `ikuyenda`, n'kuipatsa true mukaitana play ndi false mukaitana pause. N'zosavuta ndipo zimatheka ndi library iliyonse. Vuto limabwera animation ikafika kumapeto yokha: palibe amene wakhudza batani, variable ija ikunenabe true, munthu akudina n'kuona kuti palibe chikusuntha. Mukasankha njirayi muzimveranso uthenga wakuti yatha, `complete` mu lottie-web (library yoonetsera ma animation a Lottie, amene amasungidwa m'fayilo ya JSON) kapena `animationend` mu CSS, apo ayi mudzasokonezeka.

Yachiwiri ndi kuyerekeza ma frame: kuwerenga `currentFrame` (nambala ya frame imene animation yafikapo) panopa, kuwerenganso pakapita kanthawi, zikasiyana ndiye kuti ikuyenda. Anthu a Flash, pulogalamu yakale yopangira ma animation a pa intaneti, ankachita zimenezi `isPlaying` isanabwere mu Flash Player 11. Ine sindiikonda. Yankho limachedwa, popeza muyenera kudikira kuwerenga kwachiwiri. Komanso animation ya ma frame 24 pa sekondi ikamaonetsedwa pa sikirini ya 60Hz, ndipo mwazimitsa subframe (mbali ya lottie-web yojambula zapakati pa frame ina ndi inzake), mutha kupeza nambala yomweyo kawiri chinthucho chikuyenda bwinobwino. Onjezani kuti browser imaimitsa `requestAnimationFrame`, imene ma library ngati lottie-web amayendetsera ma frame, munthu akapita pa tab ina. Isungireni zinthu zimene sizikupatsani njira ina.

Yachitatu ndi kufunsa CSS kudzera mu `getComputedStyle` n'kuwerenga `animationPlayState`. Chenjerani nayo. Imangobwereza zimene zinalembedwa mu style, ndipo poyambira pake ndi running. Animation itatha kalekale idzanenabe running, ngakhale pa element yopanda animation n'komwe.

Yachinayi, imene ndimaidalira, ndi kufunsa mwini wake, object imene ikuyendetsa animation. Mu Web Animations API mumatenga `getAnimations` pa element, ndipo iliyonse ili ndi `playState` yokhala ndi mayankho anayi: idle, running, paused ndi finished. Apa ndi pamene pali phindu, chifukwa kuima kuli mitundumitundu. Imene yaimitsidwa pakati iyenera kupitiriza pomwe inalekezera, imene yatha iyenera kuyambiranso, ndipo batani lanu likufunika kusiyanitsa ziwirizi. Njirayi imaonanso ma animation ndi ma transition olembedwa mu CSS. Pali ziwiri zoti mukumbukire. Nthawi ya delay, yodikira animation isanayambe, imawerengedwa kuti running ngakhale maso sakuona kusuntha kulikonse. Ndipo animation yotha, yopanda fill ya forwards kapena both (yosunga maonekedwe omaliza ikatha), imachoka pa mndandanda wa `getAnimations`, choncho mndandanda wopanda kanthu ndi yankhonso.

Pa Lottie nkhani ndi yocheperapo. Object imene `loadAnimation` imabweza ili ndi `isPaused`, koma mayankho ake ndi awiri okha. Mukaitana pause imakhala true, mukaitana stop imakhala true, animation yopanda loop ikatha imakhalanso true. Kuti musiyanitse, onani `currentFrame`: stop imaibwezera pa 0, pomwe yotha imakhala kumapeto, pafupi ndi `totalFrames`.

Chimene chimagwetsa ambiri apa ndi nthawi yofunsira. Fayilo ya JSON imatenga nthawi kuti ifike, makamaka netiweki ikamavuta. Mukafunsa `isPaused` pamzere wotsatira `loadAnimation`, mudzauzidwa true ngakhale munaika autoplay, chifukwa sinayambe n'komwe. Dikirani uthenga wa `DOMLoaded` kapena onani `isLoaded` kaye, ndipo batanilo likhale lozimitsa mpaka pamenepo, kuti munthu asadine chinthu chimene sichinafike.