F1 TV ndi mkangano wa champiyoni amene sanayenere chikho, tamvani mmene ndaionera

Ife okonda mipikisano ya magalimoto ya Formula 1 tili ndi mkangano umodzi womwe sutha, woti mwa onse amene anatengapo chikho cha dziko lonse ndani amene anangochitola, ndipo nthawi zambiri amene amakuwa kwambiri ndi uja wangoona tebulo la mapointi basi, mpikisano weniweniwo sanauonepo. Ndiye ngati muli m'gulu lathu lokonda makani, F1 TV ndi chinthu choti muchiganizire. Ndi sevisi ya eni ake a Formula 1, inayamba mu 2018, mumaonera pa foni kapena pa kompyuta bola intaneti ikhalepo. Pali phukusi la Pro lomwe limaonetsa mipikisano live koma silipezeka m'maiko onse chifukwa cha makontirakiti a ma TV, ndiye pali la Access lotchipirapo momwe muli nkhokwe ya mipikisano yakale. Ine ndikukamba za nkhokweyo, za live akambe ena.

Dzina loyamba lomwe aliyense amathamangira ndi Keke Rosberg, 1982, eti munthu kuwina mpikisano umodzi wokha chaka chonse, ku Dijon, nkukhala champiyoni ndi mapointi 44. Papepala zimaonekadi zochititsa manyazi. Koma taonerani zomwe zilipo za chaka chimenecho muone, madalaivala 11 osiyana anawinapo ndipo palibe anadutsa kawiri, Gilles Villeneuve anamwalira ku Zolder, Didier Pironi amene ankatsogola pa mapointi anathyoka miyendo ku Hockenheim osabwereranso, ndipo Keke anali ndi Williams ya injini ya Cosworth yopanda turbo akulimbana ndi ma Ferrari, Renault ndi Brabham a turbo omwe pa msewu woongoka ankangomusiya. Mukamuona mmene ankaiponyera galimoto m'makona, kumbuyo kukutsetsereka iye phazi lili pansi, simungamunenenso kuti ndi wamwayi. Ku Austria anatsala pang'onong'ono kumupitirira Elio de Angelis pa mzere penipeni, kusiyana masekondi 0.05. Inde Pironi akanapanda kuvulala mwina nkhani ikanakhala ina, koma Keke sanabe kanthu kwa munthu.

Amene ine vidiyo imamuipitsira mbiri ndi Jacques Villeneuve wa timu ya Williams, 1997, ndipo apa ndiye pamene nkhokweyi imagwira ntchito yake chifukwa manambala ake ndi okongola, ma pole (kuyambira kutsogolo kwa onse) 10, kuwina ka 7, ungati palibe chokamba. Koma onerani mipikisanoyo umodzi umodzi. Ku Silverstone Michael Schumacher wa Ferrari galimoto inamuthera akutsogola, kenako injini ya Häkkinen inaphulika naye akutsogola, Villeneuve nkuwina. Ku Hungary Damon Hill, yemwe Williams yomweyo inali itamutaya atangowapatsa chikho cha 1996, ankatsogola patali ndi ka Arrows kosayembekezeka, mahaidiroliki nkumuvuta kumapeto, Villeneuve nkumudutsa pa lap yomaliza matayala ena ali pa udzu. Ku Nürburgring ma McLaren onse awiri anafa ali kutsogolo, iye nkutolanso. Kwawo ku Canada anakaomba khoma mpikisano utangoyamba kumene, ku Suzuka anamuchotsa pa zotsatira chifukwa chosalabadira mbendera zachikasu pa ma practice. Galimoto yabwino chonchija aise, koma anafika pa mpikisano womaliza ku Jerez ali kumbuyo kwa Schumacher ndi pointi imodzi, Ferrari yomwe inali yosafika pa Williams. Chomwe ndimamupatsa ndi cha ku Jerez komweko, kulowa mkati pa kona kuti amudutse Schumacher kunafunika mtima, Schumacher anamukhotetsera dala nkukathera yekha mu miyala, ndipo FIA, bungwe loyang'anira mipikisanoyi, inamufufuta Schumacher pa tebulo la chaka chonse. Komanso mnzake wa mu timu, Frentzen, anangowina kamodzi ndi galimoto yomweyo, ndiye sindikuti Villeneuve anali dalaivala wachabe ayi. Koma chitengereni chikhocho sanawinenso mpikisano wa Formula 1 ngakhale umodzi, ndipo pa onse amene mungathe kuwaonera bwinobwino, kwa ine ndi ameneyu amene anavutika kwambiri ndi ntchito yomwe inayenera kuphweka.

Button wa 2009 anthu amamunena kuti inali diffuser ya timu yake ya Brawn, chipangizo cha pansi kumbuyo kwa galimoto chothandiza kuti igwire msewu, chabwino anawina 6 mwa mipikisano 7 yoyamba kenako osawinanso, koma ikani ya ku Brazil muone munthu akuyambira pa nambala 14 nkumadutsa anzake mmodzimmodzi mpaka nambala 5 tsiku lomwe chikho chinali pa mzere. Nico Rosberg 2016 nayenso, injini ya Hamilton inayaka ku Malaysia inde, mapointi 385 kwa 380, koma kuwina ka 9 uli mu garaja imodzi ndi Hamilton si masewera. Za 1988 zoti Prost anali ndi mapointi ambiri koma chikho chinapita kwa Senna chifukwa malamulo ankangowerenga zotsatira 11 zabwino, zimenezo ndi za malamulo, onse ankawadziwa chaka chisanayambe, ndipo Senna anawina ka 8 Prost ka 7, tisataye nthawi.

Pa mipikisano ya masiku ano ndiye F1 TV imakoma heavy chifukwa pa Pro mumatha kusankha kamera ya m'galimoto ya dalaivala amene mukufuna nkumamva zomwe akukambirana ndi timu pa wailesi. Abu Dhabi 2021 kuionera chonchi mutu umazungulira. Hamilton ndi Verstappen anafika pa mpikisano womalizawu ndi mapointi ofanana, 369.5, Hamilton akutsogola bwinobwino, Latifi nkuomba khoma, safety car, galimoto yochepetsa liwiro la onse pakachitika ngozi, nkutuluka, Verstappen nkukavala matayala atsopano ofewa pomwe Hamilton anatsala pa olimba akale, kenako woyendetsa mpikisano Michael Masi nkulola magalimoto asanu okha otsalira ndi lap omwe anali pakati pawo kuti adutse, nkutsegula mpikisano kwa lap imodzi, Verstappen nkumudutsa Hamilton nkutenga chikho. FIA yokha inadzavomera kuti panali kulakwitsa kwa munthu ndipo Masi anamuchotsa pa udindo. Koma apa pali zinthu ziwiri zomwe anthu amasakaniza, mpikisano wa tsiku limenelo unayendetsedwa molakwika, koma Verstappen chaka chonse anawina ka 10 Hamilton ka 8, ndiye kumuika pa mndandanda wa osayenera ndi kukwiya chabe, kwiyirani oyendetsa mpikisano.

Tsopano pomwe sevisiyi singakuthandizeni. Mukamabwerera m'mbuyo zithunzi zimakhala za nthawi imeneyo, zosawala, manambala a pa sikirini ochepa moti nthawi zina kudziwa kuti ndani ali pa nambala 4 mpaka woulutsa mpikisanowo anene, ndipo si mpikisano uliwonse womwe uli wathunthu, ina ndi zidutswa zokha. Zidutswa pa mkangano ngati uwu ndi zoopsa chifukwa zimakuonetsani ngozi ndi kudutsana basi, ma lap 30 omwe munthu amasunga matayala kapena kulimbana ndi giya yovuta mulibe, pomwe kuyenera kwa champiyoni kumaonekera mmenemo.

Ndiye pali Mike Hawthorn wa 1958, amene kwa anthu ambiri ndiye yankho lenileni, ndipo nthawi imeneyo mipikisano sinkajambulidwa mmene imajambulidwira lero ndiye musayembekezere kukhala pansi nkuonera chaka chonse. Anawina kamodzi ku Reims, Stirling Moss anawina kanayi, kusiyana pointi imodzi, 42 kwa 41. Ku Portugal Hawthorn akanachotsedwa pa zotsatira koma Moss yemweyo ndi amene anakamuikira umboni kwa oweruza, mapointi nkubwerera, ndipo pa mpikisano womaliza ku Morocco Phil Hill, mnzake wa Hawthorn mu timu ya Ferrari, anamupatsa njira kuti amalize wachiwiri. Moss mpaka anasiya kuthamanga opanda chikho. Nkhani imeneyi muiwerenga m'mabuku, apa F1 TV ilibe mawu ambiri.

Ngati mumangofuna kuona mpikisano wa Lamulungu nkuzimitsa, nkhokweyi simuigwiritsa ntchito, musadzivutitse. Koma ngati ndinu uja amene amatha kukangana mpaka usiku za chaka chomwe anali asanabadwe, Access ikukwanirani, fufuzani kaye zomwe zikupezeka m'dziko lomwe muli musanalipire chifukwa zimasiyana. Muyambe ndi 1997, Hungary kenako Jerez, mukamaliza mubwere mudzandiuze ngati mukumuikirabe kumbuyo Villeneuve kkkk.