Anyamata a sound omwe tinapita nawo ku Nkhata Bay: anachedwa, koma kupakira amatha

Ambiri munandifunsa pa WhatsApp za anyamata a sound omwe tinawapanga hayala pa ukwati wa mchemwali wanga, ndiye ndangoti ndilembe kamodzi basi m'malo moyankha mmodzimmodzi. Dzina sinditchula, koma ndi akonkuno ku Mzuzu, zida zawo amasunga m'galaja ina cha ku Luwinga. Ukwati unali kunyanja ku Nkhata Bay ndiye ine poti ndinali mu komiti ya transipoti anandiuza kuti ndikwere nawo lole ya zida ndikawalozere malo.

Zoipazo ndiyambe nazo tithane nazo. Tinapangana 5 koloko m'mawa, ine ndinafika nditavala majekete awiri, mukukudziwa kuzizira kwa Mzuzu mu June kamvula kowaza kaja kakugwa, lole inabwera 7 itakwana kale. Akuti adalaivala anagona pamzere wa dizilo. Chabwino, za mafuta tonse tikuziona, koma foni analibe? Kungoimba kuti achimwene tichedwa, basi, munthu nkubwerera m'bulangeti. Chachiwiri ndalama ya jenereta sanainene poyamba, inangotulukira tsiku lomwelo depoziti titatumiza kale pa Airtel Money. Mukamakambirana nawo afunseni kuti mtengowo muli chani ndi chani, ndipo akulembereni pa meseji.

Koma kapakiridwe ka katundu ndiye eee, ndi kamene kandilembetsa zonsezi. Ine ndinakulira maukwati oti masipika amangowaponya pa pikapu, kumanga ndi malegeni, mnyamata mmodzi nkukhala pamwamba kuti agwirizire, kukafika uko sipika imodzi ikulira ngati chitini. Awa ayi. Lole yake inali Canter ya matani atatu yosatseka kumbuyo, asananyamule kalikonse anayamba asesa, kuyala makapeti akutha, kenako mkulu wawo anatulutsa hadikava momwe analembamo chilichonse mpaka ma adaputa, kamnyamata kena ntchito yake inali kungochonga chilichonse chikamakwera.

Oyamba kukwera anali mabesi, zimabokosi zija zokhala ndi masipika awiri a mainchesi 18, limodzi kulemera kwake ngati matumba awiri a chimanga. Anthu anayi pa bokosi limodzi, kukankhira pa matabwa awiri okhuthala omwe anawatsamiritsa kumbuyo kwa lole, mkulu uja akukuwa kuti pindani maondo osati msana, wina akawerenga mpaka katatu ndiye onse nkunyamula. Anawagunditsa ku khoma lakutsogolo kuseri kwa kabini, awiri kumanzere awiri kumanja. Ine ndi nzeru zanga za pa desiki ndinafunsa kuti bwana, bwanji osawaika kumbuyo kuno kuti kutsitsa kusavute? Anaseka. Amvekere, "Achimwene, msewu wa Nkhata Bay mumaudziwa. Dalaivala akaponda buleki pa kona katundu yense amafuna kutsogolo. Mukasiya mpata besi imeneyi imathamanga kaye nkudzamenya kabini, mukhalamo ndinu. Koma ikakhala yagunda kale khoma ilibe kolowera." Anawonjezanso kuti zolemera zikachuluka kumbuyo kwa matayala akumbuyo, kutsogolo kumapepuka ndiye chiwongolero sichimvera bwino. Ndinangoti zii. Ndipo nzoona, Mzuzu ili pamwamba mamita oposa 1,200, nyanja ili pansi pa mamita 500, ndiye pa mtunda wosakwana makilomita 50 mumatsika mamita oposa 700, makona okhaokha.

Mabokosi a ma ampu, zida zokwezera mawu, okhala ndi timatayala anawagoneka chammbali kuti asamayende. Jenereta inakhala pakati pamwamba pa matayala akumbuyo, atatseka kampopi ka mafuta, nkuimanga payokha mbali zonse, zigubu za petulo patali ndi batire. Mzere uliwonse ukatha amamanga ndi malamba aja okoka ndi chitsulo mpaka kulira kuti twee, osati kudikira amalize zonse nkumanga kamodzi ayi, ndipo pomwe lamba akudutsa pakona pa bokosi amaikapo katoni. Mikisa, chida chowongolera mawu, inakwera m'bokosi lake pamwamba penipeni, palibe choisanjika. Zomaliza zinali makebulo, mapolo a malaiti ndi bokosi la masipanala, poti ndi zomwe zimafunika koyamba mukafika. Kenako lona pamwamba, lokulunga bwino kutsogolo kuti mphepo isalowe pansi pake. Zonsezi mphindi 40 sizinakwane, palibe kukangana, aliyense amadziwa chomwe anyamule.

Apa ndi pomwe azakhali anafika ndi mapoto awo a ukwati, makireti a Fanta ndi amayi awiri a kumpingo oti akwere pamwamba pa lona. Mkulu uja anavula chipewa nkunena mwaulemu kuti, "Mayi, pepani, mapoto tiwapezera malo, koma anthu pamwamba pa katundu ayi." Azakhali anakwiya, mpaka lero amati anyamata aja ndi onyada kkkk. Ine ndinamumvetsa, moyo wa munthu pambali, chichokereni pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 zida zimenezi zakwera koopsa poti zonse nzochokera kunja, sipika imodzi ikabooka ndi phazi la munthu phindu la ukwati wonse lathera pomwepo.

Titangotuluka mtauni anaimitsa lole nkuyendera malamba onse, awiri anali atakhwepa pang'ono, akuti katundu amakhazikika galimoto ikayamba kuyenda. Ndiye tisanafike pa Mpamba wa kabaza wina anangotulukira mumsewu atanyamula makala, adalaivala buleki mpaka pansi, ine chipumi chinatsala pang'ono kumenya galasi. Ndinadikira kumva phokoso kumbuyo. Kunali zii. Chomwe chinagubuduka ndi chivundikiro cha poto wa azakhali basi.

Sound yake pa ukwatipo inali boo, pa perekaniperekani MC amamveka bwino mpaka kumapeto, maiki inalira kamodzi kokha. Nditati ndiwapatse mamakisi, 8 pa 10, awiriwo ndachotsa chifukwa cha kuchedwa ndi za jenereta zija.

Pobwerera ndiye ndinatopa nawo. Usiku cha m'ma 10, aliyense akufuna kwawo, kamnyamata ka hadikava kaja kakuti kebulo imodzi ya maiki sinakwere. Ndinati bwana, kebulo imodzi, mudzagula ina. Sanandiyankhe nkomwe, anangondipatsa tochi. Tinaipeza itakwiririka mumchenga pansi pa tebulo la keke, kuchonga, lona, malamba, Mzuzu tinafika 1 koloko.