Zilembo Zofuka Utsi: Kukoka Pamanja Kapena Kuika Chithunzi?

Mu Photoshop ndi mu GIMP momwe, mapulogalamu okonzera zithunzi pa kompyuta, mawu ooneka ngati akufuka amapangidwa m'njira ziwiri.

Yoyamba ndi ya pamanja. Mumalemba mawu oyera pamalo akuda, n'kuwasandutsa chithunzi wamba. Kenako mumatenga Smudge, chida chokokera mitundu ngati ndi chala, n'kumakoka m'mbali mwa chilembo chilichonse kulowera m'mwamba, n'kumalizira ndi Gaussian Blur pang'ono, yomwe imachititsa chithunzi kuoneka mwachimbuuzi. Ubwino wake ngwakuti utsiwo umachokeradi m'chilembomo. Koma imadya nthawi, ndipo dzanja likangolemera, zimaoneka ngati inki yomwe mwana wapukuta ndi chala. Mukalakwitsa sipelo, mwayambiranso.

Yachiwiri imafuna chithunzi cha utsi weniweni, wojambulidwa pamalo akuda. Mumachiika pamwamba pa mawuwo n'kusankha Screen pa blend mode, posankhira mmene chithunzi chapamwamba chisakanikirane ndi chapansi. Screen imabisa zakuda zonse, n'kusiya utsi wokha ndi kupindika kwake komwe dzanja silingatsanzire. Chovuta n'chakuti utsiwo umangoyandama, osagwirana ndi zilembo, mpaka mutafufuta mbali zina za mawu ndi layer mask, chida chobisira mbali za chithunzi.

Pa posita yofunika lero lomwe, ine ndingasankhe yachiwiri. Smudge ndingaisungire mawu afupi, makamaka kwa amene ali ndi cholembera cha tabuleti, chifukwa ndi mouse mizere imatuluka yosasalala.