Mapiritsi a vitamini C ndi E kwa wothamanga: zimene ndaona patatha miyezi isanu ndi itatu

M'mwezi wa March, mvula ikupita kumapeto, ndinagula mapiritsi a vitamini C a mamiligalamu 1,000 pamodzi ndi a vitamini E pa sitolo ina ya mankhwala m'tauni, ndipo patangotha milungu itatu ndinalemba mowatamanda kuti miyendo yasiya kundiphwanya ndikathamanga mtunda wautali. Lero tili mu November, ndipo ndiyenera kuvomereza kuti ndinapupuluma.

Ndimathamanga kanayi pa mlungu, kuchokera ku Chelstone mu Lusaka kutsata Great East Road kusanache, ndipo Lamlungu ndimapita ku Leopards Hill Road kumene zitunda zimaulula mphamvu zenizeni za munthu. Kwa miyezi isanu ndi umodzi ndinkameza mapiritsiwo m'mawa uliwonse, ndipo chimene ndinaphunzira msanga n'chakuti vitamini C wochuluka chotero akalowa m'mimba yopanda kanthu amaiwotcha, moti tsiku lina ndinabwerera panjira nditagwira pamimba ndisanafike ngakhale pa Munali. Chimfine cha mu June chinandigwirabe monga chaka chilichonse.

Chimene chinandisiyitsa si m'mimba ayi, koma kumvetsa mmene thupi limazolowerera kuthamanga. Minofu ikamagwira ntchito yolemetsa imatulutsa tizinthu totchedwa ma free radical, timene otsatsa malonda amatinena ngati adani oyenera kuzimidwa ndi ma antioxidant (zinthu zolimbana nato monga vitamini C ndi E), pamene zoona zake n'zakuti tizinthu timeneti ndi amithenganso. Ndi timene timauza maselo kuti ntchito yakula, kuti awonjezere ma mitochondria opangira mphamvu ndi kulimbitsa chitetezo chimene thupi limadzipangira lokha. Munthu akamwa vitamini wambiri tsiku ndi tsiku angathe kuzimitsa uthengawo usanafike, thukuta n'kukhetsedwa lonse koma phindu n'kubwera loperewera.

Mu 2009, Michael Ristow ndi anzake ku Germany anapeza kuti amuna amene ankamwa mavitamini awiriwa pochita maseŵera olimbitsa thupi kwa milungu inayi sanapindule pa kamvedwe ka thupi ku insulini, imene imathandiza shuga wa m'magazi kulowa m'maselo, monga anapindulira amene sankamwa. Mu 2014, Gøran Paulsen ndi anzake ku Norway anapatsa othamanga vitamini C wa mamiligalamu 1,000 ndi vitamini E wa mamiligalamu 235 tsiku lililonse kwa milungu 11, ndipo zizindikiro za kukula kwa ma mitochondria m'minofu yawo sizinakwere monga za gulu limene silinapatsidwe mavitaminiwo. Chilungamo chake n'chakuti pa kafukufuku wa ku Norway ameneyu magulu onse awiri anawonjezera mofanana mpweya umene thupi limatha kugwiritsa ntchito, choncho sindinganene kuti mapiritsiwa anandibera liwiro. Chimene ndinganene n'chakuti sanandiwonjezere kanthu kamene ndingaloze ndi chala.

Ndinasiya kumapeto kwa August, osasintha masiku kapena mitunda. Ndinkayembekeza kuti kuphwanya kwa miyendo kubwerera, makamaka m'kutentha kwa October, koma sikunabwerere, ndipo apa m'pamene ndinazindikira kuti chimene ndinatamanda mu March sichinali mapiritsi koma minofu imene inali itayamba kuzolowera yokha.

Mwamuna wamkulu amafunika vitamini C pafupifupi mamiligalamu 90 patsiku, ndipo gwafa mmodzi wakupsa bwino amakwaniritsa zimenezo. Ine ndinkameza kuposa kakhumi. Munthu amene dokotala wamulembera mavitamini chifukwa cha matenda nkhani yake ndi ina, ndipo asasiye chifukwa cha zimene ndalembazi. Ndalama zimene zinkapita ku mabotolo tsopano zimathera ku Soweto Market pa malalanje, malambe, tomato ndi nsinjiro zotendera nkhwani, ndipo botolo lomaliza la vitamini E likadali pamwamba pa kabati, mapiritsi ake atamatana chifukwa cha kutentha.